Titaniyamu, seramiki kapena chosungunuka: zoika m'fupa zimasiyana pa mmene zimathera

Tengani waya wopyapyala, mumupinde, mumuwongole, mumupindenso. Ulendo woyamba saduka. Wachisanu saduka. Mukapitiriza, pena pake amangoduka m'manja mwanu, chikhalirecho mphamvu yanu ndi yomwe ija munayamba nayo. Mukakhudza podukapo mumva kuti patentha. Akatswiri a zitsulo amati chitsulocho chatopa. Dokotala woika chitsulo m'ntchafu ya munthu sangaiwale nkhani imeneyi, chifukwa munthu woyenda bwinobwino amaponda ndi mwendo umodzi maulendo okwana miliyoni kapena kuposa apo pa chaka. Kuponda kulikonse ndi kupinda waya kuja kamodzi.

Anthu akamva zoti fupa likonzedwa ndi chinthu chopangidwa m'fakitale, amafunsa kuti cholimba kwambiri ndi chiti. Ine funso limenelo ndimaliika pachitatu. Loyamba n'lakuti chinthucho chikadzayamba kutha chidzatha motani, ndipo lachiwiri n'lakuti thupi lidzatani nazo zotsalira zake. China chimapindika kaye chisanathyoke. China chimasweka kamodzi n'kamodzi popanda chenjezo. China chimaperepeseka n'kumwaza fumbi m'minofu. China anachipanga dala kuti chisungunuke, ndipo vuto lake ndi kusungunuka fupa lisanagwirane.

Fupa limadzikonza lokha

Pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kulemera kwa fupa ndi mchere wa kashiamu ndi fosifeti umene asayansi amautcha hydroxyapatite. Chotsalacho ndi ulusi wa kolajeni ndi madzi. Mcherewo umaumitsa fupa, ulusiwo umaliteteza kuti lisasweke ngati kapu. Koma chimene chimalisiyanitsa ndi chilichonse chochokera m'fakitale n'chakuti lili ndi antchito okhala momwemo. Maselo ena amagumula fupa lakale, ena amabwera pambuyo pawo kudzamanga latsopano, ndipo timing'alu tobwera chifukwa cha kuyenda timamatidwa mwini wake osadziwa. Chitsulo chilibe antchito otere. Mng'alu ukayamba m'chitsulo, ntchito yake ndi kukula basi.

Antchitowa ali ndi khalidwe limene Julius Wolff wa ku Germany analilongosola mu 1892: amamanga pamene pali katundu, amagumula pamene palibe. Apa ndi pamene cholimbitsitsa chija chimasanduka vuto. Kuuma kwa chinthu, kutanthauza kukana kwake kupindika, amakuyeza ndi muyezo wa GPa. Fupa lakunja, chigoba cholimba cha fupa, lili cha pa 15 mpaka 20. Titaniyamu wosakaniza amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri ali pa 110. Chitsulo chosachita dzimbiri chili cha pa 200, ndipo kobalti wosakaniza ndi kiromu amapitirira apo pang'ono. Mukalowetsa ndodo youma choncho m'kati mwa fupa la ntchafu, katundu wambiri amadzera m'ndodomo, fupa loizungulira n'kutsala lopanda chochita. Pakapita zaka, ekisire imaonetsa fupa la kumtunda kwa ntchafu litapyapyala. Sikuti ladwala, langoona kuti pali wina akusenza.

Zitsulo zitatu

Chitsulo chosachita dzimbiri cha mtundu wa 316L madokotala anachizolowera pomanga mafupa othyoka. Dokotala amatha kuipinda puleti yake, kachitsulo kaphanthi kokhomera pa fupa ndi masikuluwu, pomwepo, opaleshoni ili m'kati, mpaka igwirizane ndi maonekedwe a fupa, ndipo ikalemedwa imayamba yapindika isanathyoke. Dzina lake limanamiza pang'ono. M'thupi muli madzi amchere otentha madigiri 37, ndipo m'kampata kamene kali pakati pa mutu wa sikuluwu ndi puleti, momwe mpweya sufika bwino, dzimbiri limayamba ndithu. Mulinso nikelo woposa maperesenti 10, amene anthu ena thupi lawo limamukana. Ndi aja amatuluka nsungu akavala wotchi kapena ndolo zachitsulo. Pa fupa limene ligwirane m'miyezi yowerengeka, chitsulochi chimakwana bwino lomwe.

Pamenepa pali mpikisano umene odwala ambiri sauzidwa momveka. Puleti saiika kuti isenze munthu moyo wake wonse. Ntchito yake ndi kugwira zidutswa mpaka fupa litenge katundu wake. Fupa likachedwa kugwirana, puleti imapitiriza kupindika pang'onopang'ono pa kuponda kulikonse, ndipo tsiku lina imaduka, kawirikawiri pa bowo la sikuluwu pamene chitsulo n'chochepa. Puleti yoduka nthawi zambiri imakhala ikuulula za fupa limene silinagwirane, osati za chitsulo choipa.

Kobalti wosakaniza ndi kiromu ndi wouma, amasalala ngati kalilole akamupukuta, ndipo sakandika msanga. N'chifukwa chake amamuika pamalo okhulana, monga kumapeto kwa fupa la ntchafu pa bondo lochita kuika. Tibwereranso kwa iyeyu, chifukwa mbiri yake ili ndi bala.

Titaniyamu analowa m'nkhaniyi mwangozi. Mu 1952 Per-Ingvar Brånemark wa ku Sweden ankafufuza za kayendedwe ka magazi m'mafupa a akalulu. Anaika timachubu ta titaniyamu m'miyendo yawo kuti azisuzumiramo ndi makina okulitsa zinthu. Atamaliza, anafuna kutichotsa kuti akatigwiritsenso ntchito, koma tinakana. Fupa linali litamera mokhudzana ndi chitsulocho popanda kachikopa kofewa kamene thupi limakutira nako chinthu chachilendo. Mu 1965 anaika mizu ya mano ya titaniyamu m'nsagwada za munthu woyamba ku Gothenburg, ndipo inakhalamo zaka zoposa 40 mpaka mwini wake kumwalira. Chinsinsi chake chili pamwamba penipeni. Titaniyamu akakhudzana ndi mpweya amapanga kachikopa ka okusayidi kopyapyala kwambiri, kosaoneka ndi maso, ndipo kakakandika kamabwereranso nthawi yomweyo. Thupi limakumana ndi kachikopako, osati chitsulo chenichenicho.

Ndi wopepukanso, pang'ono chabe kuposa theka la kulemera kwa chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo sasokoneza kwambiri chithunzi cha MRI. Zofooka zake zilipo ziwiri zazikulu. Sapirira kukhulana: mukamuika pamalo oterereka amadetsa minofu ndi fumbi lotuwa. Komanso amadana ndi zikande. Kachikande kamodzi kakuya pamalo olemedwa kamachepetsa kwambiri maulendo amene angapirire asanatope. Madokotala ochotsa mapuleti amadziwanso vuto lina lokwiyitsa: sikuluwu ya titaniyamu nthawi zina imamatirira ku puleti yake ngati aiwotcherera, moti kuichotsa kumafuna kuboola kapena kudula.

Zilema zothandiza ndi zilema zopha

Mwina mukuganiza kuti chitsulo chabwino ndi chopanda chilema chilichonse m'kati. Si choncho. Mu 1934 anthu atatu, Geoffrey Taylor, Egon Orowan ndi Michael Polanyi, aliyense payekha, analongosola chifukwa chimene chitsulo chimapindikira mosavuta kuposa mmene masamu ankanenera. M'mizere ya maatomu muli malo amene mzere wina umathera panjira, ndipo chilema chimenechi chimatha kuyenda. Onani mmene mbozi imayendera: sinyamula thupi lonse nthawi imodzi, imakweza kanundu kumbuyo n'kukayendetsa mpaka kutsogolo. Maatomu m'chitsulo amasuntha chimodzimodzi, mzere umodzi pa nthawi. Popanda zilema zoyendazi chitsulo chikanasweka ngati galasi.

Ndiye luso lonse la osula zitsulo ndi kuziletsa kuyenda mosavuta koma osazitsekera kotheratu. Amachita zimenezi posakaniza zitsulo, pochepetsa kukula kwa timibulu ta m'kati, ndiponso posula. Ndodo zambiri za m'ntchafu za m'zaka za m'ma 1970 zimene zinkathyoka zinali zochita kuthira m'chikombole, zokhala ndi timibulu tikuluikulu ndi timaenje m'kati. Zosula zitafala, kuthyoka kotereku kunachepa kwambiri.

Zilema zopha ndi zimene zimasonkhanitsa katundu pamalo amodzi: ngodya yakuthwa, bowo, chikande, kamchenga kotsekeredwa m'chitsulo. Anthu a ndege anaphunzira zimenezi ndi maliro. Mu 1954 ndege ziwiri za de Havilland Comet zinasweka m'mlengalenga pafupi ndi Italy, ina mu Januwale ina mu Epulo. Ku Farnborough, ku England, anamiza thupi la ndege ina m'thanki yamadzi n'kumalifufumitsa ndi kuliphwetsa maulendo masauzande, mpaka linang'ambika kuyambira pa ngodya ya pobowoka. Bowo la sikuluwu pa puleti ya m'mwendo limamvera lamulo lomwelo.

Nkhani imeneyi yabweranso mwatsopano ndi makina osindikiza zitsulo a 3D. Makinawa amayala ufa wa titaniyamu wopyapyala ngati tsitsi limodzi, kuwala kwa laser kapena mtsinje wa maelekitironi n'kusungunula pamene pakufunika, kenako n'kuyalanso ufa wina pamwamba. Ubwino wake ndi waukulu zedi. Munthu amatha kupanga chinthu chokhala ngati chisa cha njuchi, cha timabowo tolumikizana toti fupa ndi mitsempha ya magazi zimeremo, ndipo timabowoto timatsitsa kuuma kwa titaniyamu mpaka kuyandikira kwa fupa. Amathanso kupanga chidutswa cha chigaza kapena cha chiuno chofanana ndendende ndi chimene chotupa chinadya, potengera chithunzi cha CT cha wodwalayo. Zikho za chiuno chochita kuika, momwe mumazungulira mpira wa mfundoyo, zosindikizidwa motere zinayamba kuikidwa mwa anthu ku Ulaya cha m'ma 2007.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pali timabowo topanga dala, ndiye pali timabowo tobwera tokha. Ena ndi timathovu tampweya tozungulira, ndipo amenewa ndi oipa pang'ono. Oipitsitsa ndi malo amene ufa sunasungunuke bwino pakati pa mizere iwiri: amakhala aphanthi, a m'mbali mwakuthwa, mng'alu wobadwa nacho chinthucho. Kunja chimanyezimira, makina okoka amati n'cholimba, koma pa kupindidwa maulendo mamiliyoni chimatopa msanga kuposa chosula. Opanga amachiika m'ng'anjo ya mpweya wa argon yotentha cha pa madigiri 920, yopanikiza kuwirikiza pafupifupi 1,000 mpweya umene tikupumawu, kwa maola awiri, ndipo timabowo ta m'kati timatsekeka. Tomwe tatulukira kunja sititsekeka, chifukwa mpweya wopanikizawo umangolowamo. Ine ndimaona chonchi: pa chikho cha m'chiuno kapena chidutswa cha chigaza, chosindikiza chapambana kale, pa khosi lopyapyala la ndodo ya m'ntchafu, pamene katundu amapinda usana ndi usiku, chosula chikadali mwini malo.

Pamene ziwiri zikukhulana

Mfundo ya chiuno ndi mpira wozungulira m'chikho. Kusankha kovuta kwambiri pa ntchito yonseyi ndi kwakuti mpirawo ukhale wa chiyani ndipo chikhocho chikhale cha chiyani.

John Charnley wa pa chipatala cha Wrightington ku England anayamba ndi chikho cha pulasitiki ya Teflon, poganiza kuti palibe choterera kuposa icho. Zinayenda bwino chaka choyamba. Kenako zikhozo zinatha, fumbi lake linatupitsa minofu, ndipo odwala mazana anafunika opaleshoni yachiwiri. Mu 1962 anasinthira ku pulasitiki ya polyethylene ya ulusi wautali kwambiri, n'kupitiriza ndi mpira waung'ono wachitsulo wa mamilimita 22 ndi simenti ya pulasitiki ya PMMA yogwirizira zonse ku fupa, zimene ankagwiritsa ntchito kale. Kapangidwe kameneka ndi kholo la chiuno chochita kuika cha masiku ano.

Simentiyo ndiitchule pang'ono. Si guluu, imangodzaza mpata pakati pa chitsulo ndi fupa n'kuuma, ndipo ikamauma imatentha. Ikasakanizidwa ndi supuni m'mbale imatsekera timathovu tampweya, tomwe pambuyo pake timakhala poyambira ming'alu, n'chifukwa chake masiku ano amaisakanizira m'chotengera chopopa mpweya. PMMA yomweyi ndi imene Harold Ridley anapangira galasi loyamba loika m'diso ku London mu 1949, ataona kuti tizidutswa ta mawindo a ndege m'maso mwa oyendetsa ndege zankhondo tinkangokhala phee osatupitsa diso.

Chiuno cha Charnley chinkakhala zaka 10, 15, kenako china chinkayamba kugwedera, fupa lozungulira litadyeka. Kwa nthawi ndithu mlandu unagwera simenti, mpaka vutolo analipatsa dzina loti matenda a simenti. Wolakwa weniweni anali fumbi la pulasitiki. Tizidutswa tambirimbiri tochepa kuposa selo timachoka pa chikho pa kuponda kulikonse. Maselo olondera thupi amatimeza, amalephera kutigaya, amaitana anzawo, ndipo uthenga umene amatumiza umadzutsa aja ogumula fupa. Panalinso chilema chochokera kufakitale: kupha tizilombo ndi cheza cha gamma pulasitikiyo ili pa mpweya kunkaisiya ikuwonongeka pang'onopang'ono, ngakhale ili m'bokosi pa shelefu.

Pothawa fumbi limeneli anthu anatenga njira zitatu.

Yoyamba inali kuchotsa pulasitiki n'kuika chitsulo pa chitsulo, kobalti ndi kiromu mbali zonse. M'makina oyesera fumbi linachepa kwambiri, ndipo zinatheka kuika mpira waukulu wosaguluka msanga. Walira mvula walira matope. Fumbi lachitsulo linali lochepa pa sikelo koma tizidutswa take tinali tating'ono kwambiri ndi tochuluka, tinkasungunuka n'kulowa m'magazi, ndipo mwa anthu ena tinkapha minofu yozungulira chiuno. Chikho chikapendekeka pang'ono poika, mpira unkakhula m'mphepete ndipo zinkaipiratu. Mu Ogasiti 2010 kampani ya DePuy inachotsa pamsika chiuno chake cha ASR, chitaikidwa kale mwa anthu pafupifupi 93,000. Amene anaona vutoli msanga ndi osunga kaundula wa maopaleshoni a mfundo ku Australia ndi ku Britain, osati makina a m'labotale. Lero njirayi yatsala pa odwala ochepa osankhidwa mosamala.

Yachiwiri inali seramiki. Pierre Boutin anaika chiuno choyamba cha seramiki ya alumina ku France mu 1970. Alumina ndi wouma kuposa zitsulo zonse tatchulazi, amanyowa bwino ndi madzi a m'mfundo, fumbi lake n'lochepa kwambiri ndipo thupi silikwiya nalo. Koma alibe zilema zoyenda zija. A. A. Griffith anasonyeza mu 1921 kuti ulusi wagalasi wopyapyala ndi wolimba kuwirikiza kambiri kuposa ndodo yagalasi lomwelo, chifukwa chinthu chotere chimasweka pa chilema chake chachikulu koposa, ndipo chinthu chachikulu chimakhala ndi mpata wambiri wobisa chilema. Mpira wa seramiki mphamvu yake imathera pa kabowo kake koipitsitsa. Ukasweka umasiya tizidutswa takuthwa m'mfundo, ndipo chilichonse choikidwa pambuyo pake chimakandika nato.

Seramiki ina, zirconia, inabwera ngati yankho. Mu 1975 Garvie, Hannink ndi Pascoe a ku Australia anasonyeza kuti timibulu ta seramikiyu timasintha maonekedwe mng'alu ukatiyandikira, timafufuma ndi maperesenti 3 mpaka 5, n'kuupana mng'aluwo kuti usapitirire. N'chinthu chokongola kuchiganizira, seramiki yodzitsekera yokha ming'alu. Tsoka lake n'lakuti madzi ofunda amathanso kuyambitsa kusinthako pamwamba, popanda mng'alu uliwonse, ndipo mpirawo umakalamba n'kuchita nkhakha. Cha m'ma 2001 mipira mazana ya zirconia yotchedwa Prozyr, ya ku France, inasweka m'matupi a anthu m'nthawi yochepa. Kafukufuku analoza ku kusintha kwa ng'anjo yowotchera, kumene kunasiya timabowo tambiri m'kati mwa mipira ya magulu ena. Zosakaniza zinali zomwe zija, dzina lomwe lija. Chinasintha ndi kawotchedwe kokha. Seramiki yofala lero ndi yosakaniza, alumina wambiri ndi zirconia wosakwana gawo limodzi mwa asanu, ndipo kusweka kwake n'kosowa kwambiri. Chotsala n'chakuti seramiki pa seramiki nthawi zina imalira, kulira kwenikweni komveka m'chipinda munthu akamawerama.

Njira yachitatu inali yosadzionetsera: kukonza pulasitiki yomwe ija. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anayamba kuiwomba ndi cheza champhamvu dala kuti ulusi wake ulumikizane ngati ukonde, kenako kuitenthetsa, kapena pambuyo pake kuthiramo vitamini E, kuti isawonongeke ndi mpweya. Imataya pang'ono mphamvu yokana kung'ambika, koma kuperepeseka kumatsika kwambiri. Pa zitatuzi, imene inkaoneka yosasangalatsa ndi imene yapambana. Mpira wa seramiki kapena wachitsulo pa chikho cha pulasitiki yolumikizidwayi ndi umene ukuikidwa mwa anthu ambiri lero.

PEEK ndi pulasitiki ina, ya ntchito ina. Kuuma kwake kuli pa 3 mpaka 4 GPa, kutsika kuposa fupa lakunja, ndipo saoneka pa ekisire, choncho dokotala amene waika kabokosi kake pakati pa mafupa a msana amatha kuona ngati fupa likumera m'katimo. Fupa silimukonda kwenikweni. Limamukutira ndi kachikopa m'malo momugwira. Ena amamupaka titaniyamu pamwamba, ndipo apo funso limakhala lakuti chopakacho chisasupuke pokhomera.

Kudzaza dzenje

Fupa likasowa chidutswa, nkhani si yosenzanso katundu koma yoitana fupa latsopano. Apa chopambana chikadali fupa la mwini wake, lotengedwa kawirikawiri m'mphepete mwa chiuno. Limabwera ndi zonse zitatu: maselo amoyo, mankhwala achilengedwe oitana maselo ena, ndi chimango chomerapo. Mavuto ake ndi bala lachiwiri, limene mwa ena limapweteka nthawi yaitali kuposa loyamba, ndiponso kuti lotenga n'lochepa. Fupa la munthu wina, lochokera kumalo osungira mafupa, limapezeka lambiri koma limafika lopanda maselo amoyo, ndipo zidutswa zikuluzikulu thupi limangozilowerera m'mphepete, pakati n'kukhalabe pakufa. Marshall Urist anasonyeza mu 1965 kuti fupa lochotsedwa mchere likaikidwa mu mnofu wa nyama limameretsa fupa pomwepo, ndipo kumeneko ndi kumene kunachokera mapuloteni omeretsa fupa otchedwa BMP. Ndi amphamvu, nthawi zina mopyola, mpaka kumeretsa fupa pamene silikufunika ndi kutupitsa malo oyandikana.

Zopangidwa m'fakitale zimasiyana makamaka pa liwiro losungunukira. Kashiamu salifeti, ufa womwe uja amapangira chikhakha, anayamba kudzazira mafupa ku Germany mu 1892. Amatha m'milungu yowerengeka, kawirikawiri fupa lisanafike, ndipo bala limatha kuchucha madzi. Hydroxyapatite wowotcha ali kumapeto enawo: fupa limamugwira bwino koma amakhala zaka zambiri osachoka. Tricalcium phosphate ali pakati, ndipo ambiri amasakaniza awiriwa kuti apeze liwiro lofunika. Onsewa ndi chimango chabe, ndipo onse amaphwanyika akapindidwa.

Galasi la Larry Hench lili ndi khalidwe lakelake. Mu 1967 Hench anakwera basi limodzi ndi msilikali wamkulu wobwera ku Vietnam, amene anamufunsa chifukwa chimene asayansi opanga zinthu zopirira cheza champhamvu akulepherera kupanga chinthu chimene thupi silingachikane. Mu 1969, ku yunivesite ya Florida, anapanga galasi la 45S5: maperesenti 45 a silika, 24.5 a okusayidi wa sodiyamu, 24.5 a okusayidi wa kashiamu ndi 6 a okusayidi wa fosiforasi. Ataliika m'mafupa a makoswe linagwirana ndi fupa moti silinkachoka. M'madzi a m'thupi galasili limatulutsa sodiyamu ndi kashiamu, pamwamba pake n'kumera kachikopa ka mchere wofanana ndi wa fupa, ndipo maselo amafika ngati afika kwawo. Mtundu wina, S53P4 wa ku Finland, amaugwiritsa ntchito m'mafupa amene ali ndi mafinya, chifukwa posungunuka umasintha madzi ozungulira kukhala osakomera mabakiteriya. Koma galasi ndi galasi. Limagwira ntchito ngati timibulu todzazira dzenje, m'nsagwada, kapena m'tifupa ta m'khutu, osati posenza munthu.

Zoti zigwire ntchito n'kuchoka

Loto lakale ndi sikuluwu imene imagwira fupa mpaka lipole kenako n'kuzimiririka, osafunika opaleshoni yochotsa. Kwa ana, amene mafupa awo akukula, phindu lake n'loonekeratu. Ulusi wa pulasitiki wosokera mabala wosungunuka wokha unafala m'zaka za m'ma 1970, ndipo mapulasitiki a banja lomwelo, PGA ndi PLA, anawapangira masikuluwu ndi timapini. Ndi ofooka poyerekeza ndi chitsulo, choncho amakwana pa nkhope, pa chigaza cha mwana, ndi pomangirira mitsempha ya bondo kapena phewa. PGA amasungunuka msanga n'kusiya asidi wambiri nthawi imodzi, malo n'kutupa popanda tizilombo. PLLA, mtundu wa PLA, amachedwa zaka zingapo, ndipo akachoka nthawi zina amasiya bowo losadzazidwa ndi fupa. Madokotala a mtima anakumana ndi zofanana: kachubu kosungunuka kotsegula mtsempha ka Absorb kanavomerezedwa ku America mu 2016, n'kusiya kugulitsidwa mu 2017, magazi ataoneka kuti amaundana mwa iko kawirikawiri kuposa m'tachitsulo. Kuti pulasitiki ikhale ndi mphamvu yokwanira, nthiti zake zinayenera kunenepa.

Magineziyamu ndiye amandikoka mtima pa zonsezi. Ndi chitsulo, kuuma kwake kuli cha pa 45 GPa, kufupi ndi fupa kuposa chitsulo china chilichonse chimene tatchula, ndipo thupi limamudziwa kale chifukwa woposa theka la magineziyamu wa m'thupi amakhala m'mafupa. Ganizoli si latsopano. Cha m'ma 1907 Albin Lambotte wa ku Belgium anamanga mwendo wothyoka ndi puleti ya magineziyamu, n'kuikhomera ndi misomali yachitsulo. Zitsulo ziwiri zosiyana m'madzi amchere ndi batire. Puletiyo inadyeka m'masiku asanu ndi atatu, mwendo n'kufufuma ndi mpweya pansi pa khungu. Galamu imodzi ya magineziyamu ikasungunuka imatulutsa pafupifupi lita imodzi ya mpweya wa haidirojeni.

Batire lomwelo limapangika ngakhale popanda msomali, m'kati mwa magineziyamu mwini. Timadontho ta ayironi, nikelo kapena kopa, tochepa moti amatiwerenga pa miliyoni, timakhala ngati timisomali ta Lambotte tomwazikana m'chitsulo chonse, ndipo kalikonse kamakumba dzenje pamalo pake. Choncho chimene chinabweza magineziyamu m'chipatala patapita zaka pafupifupi 100 ndi luso lomuyeretsa, lomusakaniza ndi zitsulo zochedwetsa kudyeka, ndi lomupaka pamwamba. Sikuluwu ya Magnezix ya ku Germany inaloledwa ku Ulaya mu 2013, ndipo ntchito yake yodziwika ndi pa mafupa ang'onoang'ono, monga powongola chala chachikulu cha kuphazi. Pa fupa la ntchafu sanafikepo, chifukwa dzimbiri ndi kutopa zikagwirizana, dzenje lililonse la dzimbiri limakhala poyambira mng'alu.

Wodwala amene waikidwa sikuluwu yotere akajambulidwa patapita milungu ingapo, ekisire imatha kuonetsa mdima wozungulira sikuluwuyo. Dokotala wozolowera titaniyamu akaona mdima wotere amaganiza za mafinya kapena za sikuluwu yogwedera. Pa magineziyamu kawirikawiri umakhala mpweya uja, ndipo umachepa wokha m'miyezi yotsatira, fupa likulowa pamene chitsulo chikuchoka. Madokotala owerenga zithunzi akuyenera kuuzidwa kuti m'phazimo muli chiyani asanalembe lipoti.